Pepala Lomwe Wailesi Analinyoza

Sabata yonse anthu akhala akunong'onezana kuti chipinda cha uphungu wa achinyamata chatsekedwa, ati poti palibe lamulo lochiteteza. Wailesi, mtsikana uja wosasunga nkhani m'kamwa, anathamanga kukadzionera yekha.

Anapezadi loko pachitseko. Anti olangiza achinyamata anali panja, akumanga mabuku ndi chingwe.

"Anti, n'zoona?"

"N'zoona, mwanawe. Akunyumba ya malamulo ankafuna mayina mazana asanu osainidwa papepala la pempho lathu kuti akambirane za lamulolo. Tinapeza makumi atatu okha. Kaya ndani anauza atsikana kuti wosaina pepalalo ndiye kuti ali ndi mimba."

Bodzalo analiyambitsa ndi Wailesi yemweyo pampopi, anzake n'kuseka mpaka kugwetsa ndowa.

Komatu abale, nayenso anali ndi nkhani yake, ya zomwe bambo ake omupeza amamuchita mayi ake akachoka. Miyezi itatu wakhala akuzengereza kulowa m'chipindamo, n'kutseka chitseko, n'kuwauza antiwo.

"Umafuna kundiuza kanthu?" anti anafunsa.

Anzake awiri anali ataima chapafupi, makutu ali tcheru.

"Ayi anti, ndimangodutsa."

Nanga inuyo mukanakhala iye, mukanalankhula pamenepo?