Mashoko Awiri pa Ulendo wa ku Katete

Ba Mwila, makaniko wa ku Nangongwe, anakanikiza ngodya ya vaneti ndi manja awiri, kenaka n'kuisiya. Galimotoyo inanjanja ngati bwato pamafunde, ndipo inachedwa kukhazikika.

"Mashoko yonse folo yanafa, ba Lastone. Manje ine nili na yabili chabe. Timange kuti?"

Lastone anayang'ana zitsulo ziwiri zatsopanozo, zochepetsa kunjanja kwa galimoto, zili pakatoni. Vanetiyo anaigula atachotsedwa ntchito ku fakitale, ndipo inali itatopa kale asanaigule. Mawa lake inkayenera kunyamula bokosi la malemu bambo ake mpaka ku Katete, pamsewu umene maenje ake ankameza tayala lathunthu.

"Ine nikuuzani zoona, ni kutsogolo," anatero makanikoyo. "Ndiye kuli chiwongolero, ndiye kuzankala imwe na bamai banu. Bakufa sibamvela mabampu."

Lastone anazungulira kumbuyo, nagwira chitsulo chozizira cha m'mbali. Bambo akewo moyo wawo wonse ankapita ku ntchito ataimirira kumbuyo kwa lole ya kampani, akudumphitsidwa pamodzi ndi matumba a feteleza, mpaka msana unapindika. Pampando wa kutsogolo anali asanakhalepo.

"Mangani kumbuyo."

"Muzavutika pa mapiri ya Manenekela, mwana wanga."

"Nizayenda pang'onopang'ono. Batate sibathamangila kulikonse."

Ba Mwila anapukuta manja pa ovolosi. Kenaka anakoka jeke, naikankhira pansi pa galimoto, pafupi ndi tayala la kumbuyo.