Nkhunzi ya Ireen

"Bwererani kothyola tiyi, mayi. Za ng'ombe si zanu," anatero Kingstone, mkulu wa ogulitsa nyama pa Chinakanaka.

Ireen anangokoka chingwe cha nkhunzi yake. Anaigula ku Chikwawa ndi penshoni yake yonse atamva kuti mitengo ikwera pa Khirisimasi. Koma amuna ogulitsa nyamawa anapangana kuti pasapezeke woigula mpaka mayiyu atatopa n'kutsitsa mtengo.

"Tidikira," Kingstone anaseka. "Ikayamba kuonda mudzatipempha nokha."

"Dikirani, achimwene. Mipando muli nayo."

Tsiku la msika amunawo sanaphe ng'ombe ina, poti ankati lero lokha Ireen agonja basi, awagulitsa nkhunziyo motchipa. Ireen anaitana Shehe Abdul kuti adzazinge nkhunziyo, anabwereka sikelo, n'kuyala nyama pathebulo moyang'anana ndi mabenchi awo opanda kanthu. Posakhalitsa mzere wa ogula unafika kumsewu.

Kingstone anabwera akukankha anthu, thukuta lili kamukamu.

"Wakuuzani ndani kuti muzigulitsa nyama pano?"

Ireen sanadzutse n'komwe mutu.

"Musandisokoneze, achimwene. Ndikuyezera akazi anu."