Mphindi Zitatu za Hilda pa Mpope

Ba Philomena, ogulitsa madzi ku komboni ya George, anatseka mpope. "Chigubu chadzala, mwana wanga, koma iwe ukali kupereka moni."

Hilda anaima pepala la zokanena lili m'manja, azimayi a pamzere akuseka. Masana omwewo ankayembekezeka ku kampani ya sopo kukayesedwa ntchito, ndipo anamupatsa mphindi zitatu zokha zofotokoza mmene angagulitsire katunduyo. Ankayeserera pa mpopepo chifukwa chigubu chinkadzala pa mphindi zitatu. Chitsekereni fakitale imene bambo ake ankagwirako ntchito, kwawo kunalibe wapantchito.

"Kuja si kutchalitchi kochitira umboni," anatero Ba Philomena, akutchera chigubu china. "Moni umodzi, dzina lako, basi uwauze vamene udziwa. Pepala bweretsa kuno, uziwayang'ana kumaso."

Hilda anapemphera chamumtima. Madzi atayamba kutsika, anafotokoza za azimayi amene masiku ano amagula sopo wa tizidutswa chifukwa wathunthu sangamukwanitse. Mzere wonse unasiya kuseka. Anamaliza chigubu chisanadzale.

"Nanga kasopo kako ni zingati?" anafunsa mayi wina, osaseka konse.

Misozi ikulengeza, Hilda anagwira dzanja lonyowa la Ba Philomena ndi manja awiri.

"Yamika Ambuye amene anakupatsa pakamwa," anatero iwo. "Pita ukavale. Madzi nizakutulira kunyumba."