Mmene Clive Anagulitsira Dzina la Pennard

Panali munthu wina ku Huddersfield, dzina lake Clive Ormerod. Ndisabise, munthuyo ndine, koma ndilemba ngati ndikunena za wina, apo ayi dzanja likukana.

Clive anali mlembi wa kalabu ya anthu okonda Pennard, kompyuta yakale ija yolumikiza ku TV, imene masewera ake ankakhala pa kaseti. Fakitale yake inatsekedwa kalekale, koma madala okwana makumi anayi ankakumanabe Loweruka lililonse mu holo ya tchalitchi, kumwa tiyi ndi kukonza makina awo. Mwini fakitale atamwalira, mkazi wake anapereka dzina la Pennard ndi mapepala onse a kapangidwe kake ku kalabuyo. Poti kalabu sinali yolembetsedwa kuboma, zonse zinalembedwa m'dzina la Clive, kuti azingosungira anzake.

Loweruka lina kunabwera mlendo wotchena, Julian Strake. Anapeza Clive akulimbana ndi kaseti yokana kutsegula masewera. Mlendoyo anapempha kasikuludiraiva, anatchera khutu kulira kwa tepi, n'kupotoza pang'ono kabawuti ka m'wailesi ya kasetiyo. Masewera anatseguka.

Clive anakopeka pomwepo. Kwathu kuno, munthu wodziwa kutchuna tepi ndi khutu timamutenga ngati wobadwa naye.

"Ndikufuna Pennard ibwererenso m'masitolo," anatero Julian. "Mundigulitse dzina lokha. Inu muzipitiriza monga kale."

Clive anakauza mnzake Neville Sugden, amene ankakhala naye benchi imodzi kusukulu. Neville anali atatha zaka khumi ndi ziwiri m'galaja mwake akupanga mabolodi atsopano a m'kati mwa Pennard, kuti makina akufa azidzukanso.

"Aise, munthu uja ndi wathu. Watchuna tepi ndi khutu ine ndikuona."

"Iwe mdala, mutu ukugwira? Zotchuna tepizo ndinalemba ndine pa tsamba lathu la intaneti, ndi zithunzi zomwe. Mphaka wanga atha kutchuna. Wamufunsa kuti Pennard yake yoyamba anaigula kuti?"

"Nsanje basi. Ukuopa kuti timabolodi takoto tisowa wotifuna."

"Nena zimene unene. Koma nkhaniyi ubwere nayo pamaso pa onse. Usasaine uli wekha, Clive."

Clive sanabwere nayo. Ankalota tsiku lodzaima kutsogolo kwa anzake n'kunena kuti wadzutsa Pennard ndi iyeyo. Anasaina Lachitatu lina m'galimoto ya Julian, masamba ambirimbiri, osawerenga.

Patatha miyezi iwiri, makalata a maloya anafika. Kalabu isiye kutchula dzinalo. Tsamba la intaneti litsekedwe, pamodzi ndi masewera onse amene anthu anapulumutsa ku makaseti otha. Mabolodi a Neville, poti anapangidwa potsata mapepala aja, awonongedwe. Pennard inabwereradi m'masitolo, koma ngati dzina lomata pa makapu ndi pa timafoni totchipa.

Clive anaimba foni. "Bambo Strake, izi si zimene tinagwirizana."

"Werengani tsamba lachisanu ndi chiwiri, bambo Ormerod. Tsiku labwino."

Anthu a kutali, ku Poland ndi ku Australia komwe, analembera Clive mawu oti sindingawabwereze pano. Neville anaphwanya yekha mabolodi ake ndi hamala, munthu wa maloya ataima pakhomo la galaja kuonerera.

Loweruka lotsatira Clive anapita ku holo kuti akapepese. Anapeza madala atafika kale, makina onse atayatsidwa. Pali kanthu kena kamene tinkachita tili ana tikalowa m'sitolo ya makompyuta: kulemba mizere iwiri yochititsa mawu kubwerezabwereza pa TV osaleka. Nthawi imeneyo tinkalemba zonyoza aphunzitsi. Tsiku limenelo TV iliyonse inali ndi mawu amodzimodzi akutsika osatha: CLIVE WATIGULITSA.

"Neville, achimwene, tandimverani kaye."

Neville sanatembenuke. "Batani loimitsira ukulidziwa. Dina wekha."

Clive anayang'ana ma TV onse aja. Sanadine. Anatuluka.

Kalabu inatha chaka chomwecho, aliyense anabisa makina ake kudenga. Neville sanalowenso m'galaja. Anamwalira chaka chinacho, ndipo mkazi wake anatumiza uthenga woti Clive asafike pamaliro.

Tsiku la malirolo ndinakaima pa siteji ya basi kutsidya la msewu. Onyamula bokosi anali asanu ndi mmodzi, onse a kalabu yathu. Mmodzi anandiona, n'kuyang'ana kumbali.

Phunziro: Chinthu chimene anzako akusungitsa si chako, ngakhale pepala litanena kuti n'chako. Mlendo akadziwa kachinsinsi kamodzi ka pagulu panu sindiye kuti ndi wanu, ndipo mnzako wakale akati usasaine wekha, mumvere akadali moyo. Tumizani nkhaniyi kwa alembi ndi asungi a magulu anu, mwina wina aleka lero zimene ine ndinachita.