Kabotolo ka Galu

Mwezi uliwonse khomo lililonse limalandira kabotolo kamodzi kochokera ku labotale. Muli asilikali a m'magazi ozindikira nyongolotsi ya agalu, ija imalowanso mwa anthu. Lamulo likuti n'koyezera galu basi, poti agalu ndiwo amalondera masola a boma opangira magetsi. Anthu adikire.

Nachisale anayang'ana mimba yotupa ya mwana wake Tiyanjane. Anamubaya chala n'kudonthezera magazi m'kabotolomo. Madziwo anabiriwira: nyongolotsi ilimo.

"Amake Tiyanjane, mutimangitsa!" anatero mwamuna wake. "Kabotoloko n'ka galu."

"Galu wanuyo akungonenepa pakhondepo! Mwana sakudya, inu mukuopa apolisi?"

Nachisale anakapereka kabotoloko kwa azaumoyo m'dzina la galuyo. Tsiku lomwelo wazaumoyo anatulukira panjinga yamoto atanyamula mapiritsi. Anamusisita galu uja mwachisoni.

"Pepa, wadwala iwe. Mayi, muzimupatsira munyama."

Tiyanjane anali gone pamphasa pomwepo, koma sanamucheukire n'komwe.

Atachoka, Nachisale anaphwanyira piritsi pasupuni.

"Yasama, mwanawe," anatero. "M'mudzi muno kuti uchire, uyambe wakhala galu."