Misozi ya a Verhage

Lieven Padmos, woliza limba m'tchalitchi mwathu, anakwera makwerero opita ku limbalo Lamulungu limenelo madzi atamufika m'khosi. Akulu a mpingo anali atamuuza mosabisa kuti akalizanso zothamanga, abweze kiyi wa kumwambako. Ntchitoyo ikatha, ndiye kuti atulukanso m'nyumba ya mpingo yomwe amakhala ndi mkazi wake ndi ana.

Wofuna kumuchotsa anali mmodzi, mkulu wa mpingo, a Krijn Verhage. Koma munthu ameneyo! Anabwera kuno kuchokera ku chilumba china ali wamkulu kale, atavala jekete yakuda ya mabatani ambirimbiri, ndipo sitinawaonepo mano awo. Kwa iwo salmo labwino ndi lomwe mzere umodzi umatha switi ya peperiminti itasungunuka mkamwa. Ndi iwo analetsa magule pa chikondwerero cha asodzi. Ngakhale mwana woliza mluzu pa doko ankamuyang'ana ngati wakuba.

Nayenso Padmos sanali mngelo. Anali atapeka nyimbo zambiri za limba, zokongoladi, koma matama ake anali oposa nsanja ya tchalitchi. Ife asodzi ankatitcha anthu a makutu odzaza mchere. Sabata imeneyo analengeza kuti wapeka nyimbo yatsopano yaulemu, yochokera mumtima mwake, mphatso kwa akulu a mpingo. Mkazi wake yekha ndiye ankadziwa zoona. Inali nyimbo ija ya gule yomwe asodzi amaimba ndi akodiyoni akakhuta mowa, yakalekale, yosadziwika n'komwe mwini wake. Padmos anangoikoka, naiveka mawu akuluakulu a pansi, kuti aone ngati pali mbuzi ina yomwe ingaizindikire.

Anayamba kuliza. Nyimbo inayenda ngati ngalawa yodzaza pa tsiku lopanda mphepo. Azimayi anaweramitsa mitu yawo ya zisoti zoyera. Azibambo omwe dzulo lake anavina nyimbo yomweyo mpaka kuthyola nsapato zamitengo anakhala duu, nkhope zachisoni, osatolapo kanthu.

Padmos ankaona zonse pa kagalasi kake ka pambali pa limba. Maso ake anali pa a Verhage. Mkuluyo poyamba anauma gwa. Kenako zala zake zinayamba kuyendayenda pa mabatani a jekete, kukwera ndi kutsika. Pofika pakati pa nyimbo, misozi inali mbwembwembwe, kutsetsereka mpaka m'ndevu. A Verhage kulira! Padmos anadziluma mlomo kuti asaseke. Munthu woletsa magule uja, lero akulirira nyimbo ya zidakwa poganiza kuti ndi ya angelo. Umbuli ndi matenda ndithu.

Mapemphero atatha, anthu anatuluka akunong'onezana kuti ngati a Verhage alira, ndiye kuti mlandu watha, woliza limba wapulumuka. Padmos anatsika makwerero pang'onopang'ono akuseweretsa kiyi pa chala, atakonza kale mawu odzichepetsa oyankhira akamuyamika.

Anawapeza a Verhage ataima okha pansi pa makwerero, maso ali psuu. Iwo anamufunsa motsitsa mawu ngati nyimboyo anaipekadi yekha. Padmos anagwira pamtima, nati inamubwerera akupemphera.

Mkuluyo anatambasula dzanja. Padmos anapereka lake kuti agwirane chanza, koma iwo anangotenga kiyi, namuika m'thumba.

"Bambo, kodi sindinalize pang'onopang'ono monga munafunira?"

"Ndiye vuto lake limenelo, a Padmos. Kuba nyimbo ya mwini n'kunama pamaso pa mpingo, chimenecho n'chokwanira kukuchotserani ntchito. Koma chandiliza ine si chimenecho." Zala zawo zinathamanganso pa mabatani, mwaliwiro la mnyamata wa akodiyoni. "Nyimbo imeneyi ndinaipeka ine ndisanatembenuke mtima, ndipo chilumba chonse chinkavina. Inu mwaikoka ngati maliro. Mwandiphera nyimbo yanga."