Injiniya amene anatseka alamu pakamwa

Panali munthu wina, mtsikana, amene anamaliza sukulu ya ukachenjede ndi digiri ya uinjiniya wa makompyuta. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona, ine ndikungoipereka momwe ndinailandirira.

Ntchito anaipeza pa kampani ina yosunga mankhwala ofunika kuzizira, amene ankatumizidwa m'zipatala za m'deralo. M'chipinda chozizira munali tizipangizo toyeza kutentha. Ntchito yake inali kuonetsetsa kuti tizipangizoto, makompyuta ndi mafoni zikumvana, kuti chipinda chikangoyamba kufunda alamu ilire pa foni yake, ya mkulu wake ndi ya mlonda.

Mayi ake ankadwala shuga, a jakisoni wa tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwala awo ankachokera m'chipinda chomwecho. Ndiye kunyada kwake! Aliyense wofika pakhomo ankauzidwa kuti, "Mankhwala anga amalondera ndi Injiniya wanga." Dzina lake lenileni mpaka linaiwalika pakhomopo.

Tsono vuto linali kachipangizo kamodzi kamene kanali pafupi ndi chitseko. Munthu akangotsegula kuti atulutse katoni, kampweya kofunda n'kukakhudza, basi foni yayamba. Ali pamsonkhano, tii tii. Ali m'basi, tii tii. Akathamangira kukaona, mankhwala ali bwinobwino.

Tsiku lina anadandaula kwa mkulu wake, bambo amene anthu ankangowatchula kuti a Chipewa chifukwa sankachivula.

"Abwana, alamu imeneyi ndi yabodza. Ndiitseke?"

"Mwana wanga, khanda likamalira sulitseka pakamwa, umaona chomwe chikuliluma. Tenga makwerero, usunthe kachipangizoko ukaike pakati pa chipinda. Alamu usaikhudze."

"Chabwino abwana, ndichita mawa."

Mawa lakelo silinafike. Makwerero anali atabwerekedwa ndi anthu okonza magetsi, naye ntchito zinamuchulukira. Uyu waiwala pasiwedi, uyu makina osindikizira amukanira, aliyense "Injiniya, tabwerani." Lachisanu masana foni inaliranso ali pakati pokonza kompyuta ya abwana aakulu, ndipo anapsa mtima. Anatsegula laputopu n'kudina poletsa alamu. Kompyuta inamufunsa bwinobwino: kachipangizo kamodzi kapena chipinda chonse? Kwa kanthawi kapena mpaka mutayatsanso? Iye mwaphuma anasankha chipinda chonse, mpaka atayatsanso.

"Ndibwezeretsa ndisanaweruke," anadziuza. Anaweruka osakumbuka.

Loweruka ndi Lamlungu foni inali zii. Anachapa, analuka mayi ake tsitsi, n'kumati koma lero ndiye ndapuma. Sanadziwe kuti Loweruka m'mawa makina oziziritsa anali atafa. Mlonda anali pageti, foni yake phee. A Chipewa anali kwawo, foni yawo phee. Makompyuta ankaona kutentha kukukwera, koma anali atauzidwa kuti asanene kanthu.

Lolemba, wotsegula chitseko analandiridwa ndi mpweya wofunda. Katswiri wa mankhwala anakhudza katoni imodzi, ina, n'kugwira m'mutu.

"Onsewa ndi otaya."

Injiniya anayatsanso alamu. Pomwepo mafoni onse anayamba kulira limodzi, mauthenga onse amene anatsekeredwa aja akukhuthuka. Abale inu, zinali zomvetsa chisoni. Anayang'ana pa laputopu, digiri yonse ili m'mutu, koma batani lobwezera mankhwala owonongeka panalibe.

A Chipewa anaona pa kompyuta dzina la amene anatseka alamu. Sanakalipe. Anangovula chipewa chija.

"Mwana wanga, makwerero okha?"

Anamuimitsa ntchito tsiku lomwelo. Kunyumba mtsikanayo sanaulule. M'mawa ankavala, kunyamula chikwama, n'kukakhala pokwerera basi akuimba mafoni m'masitolo a mankhwala. Kulikonse yankho linali limodzi: "Atha, nafenso timatenga komweko. Dikirani ena abwere." Abwere liti, palibe ankadziwa. Madzulo akatsegula firiji ankapeza kabotolo ka mayi ake katatsikanso.

Tsiku lokatenga ena litafika, mayi anapita kuchipatala n'kubwerako ndi kabokosi kopanda kanthu. Anadziponya pampando, milomo ili gwa, akumwa madzi kapu ndi kapu.

"Akuti tidikire," anatero. "Akuti wina kuntchito kwanuko anazimitsa alamu chifukwa inkamusokosa. Inkamusokosa! Pamzere tinalipo ambiri, mpaka kamwana ka yunifolomu. Iwe Injiniya, munthu ameneyo ukumudziwa?"

Mtsikana anayang'ana pansi. "Ndikumudziwa, amayi."

"Mawa ukamufunse m'malo mwanga. Kodi iyeyo alibe mayi?"

Kenako anamugwira dzanja, dzanja lawo likutentha.

"Pakanakhala iwe sizikanachitika. Iwe umamva."

Mtsikana anangotenga kapu ija kukawatungira madzi ena.

Phunziro: Chenjezo likamakusokosa, konza chomwe chikuliliritsa, osati kulitseka pakamwa. Pakadafunda padajiwitsa galu, ndipo "ndichita mawa" wako akhoza kukapweteka munthu amene umamukonda kuposa onse. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa anzanu a kuntchito, makamaka achinyamata amene angoyamba kumene, aiwerenge asanadine batani.